Tisanathamangire mafuta a walnut, tichotse chuku m'nsawa zathu

Mtengo wa walnut sumera ku Chipata, koma mbiri ya mafuta ake yafika kale m'mafoni athu. Otsatsa malonda akuti supuni imodzi patsiku imatsuka mitsempha ya magazi, imanola ubongo, imafafaniza makwinya ndi kubwezeretsa tsitsi pamene padalowa dazi. Mphunzitsi, namwino kapena kalaliki akangolandira malipiro a mwezi amayamba kufunsa kumene angapeze kabotolo kameneka, kaya ku Lusaka kaya ku Johannesburg, chonsecho pamsika wa Kapata amadutsa osacheukira amayi amene akhala ndi mabeseni odzaza nsawa zosenda. Ine ndikuti tasokera. Zabwino zambiri zimene anthu akuzifunafuna m'botolo lochokera kutali zili kale m'nsawa, mpendadzuwa, soya ndi kapenta, zakudya za pakhomo pathu pomwe. Chimene chikutilanda zabwinozo ndi chuku chimene tachilekerera m'minda, m'nkhokwe ndi m'misika. Ngati tili ndi ndalama, nzeru ndi mkwiyo woti tiwononge pa nkhani ya mafuta ndi thanzi, zonsezo zipite pa chukucho.

Mafuta a walnut tisawanamizire. Ndi abwino ndithu. Mtengo wake umafuna dziko lozizira kwambiri m'nyengo yachisanu, n'chifukwa chake alimi ake akuluakulu ali ku China, ku California, ku Chile, ku Iran ndi ku Turkey. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafutawa ndi omega-3 wa m'zomera, amene thupi limamufuna koma silitha kumupanga lokha. Komabe tiyeni tione kumene umboni wagona. Mu 2004 bungwe la FDA la ku America lidalola ogulitsa walnut kulemba pa mapaketi kuti kudya magalamu pafupifupi 42 patsiku kungathandize mtima, ndipo lidawauza kuti alembenso kuti umboniwo sunafike potsimikizika. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2003, bungwe lomweli lidali litalola kale mawu ofanana ndi amenewa pa mbewu zina zamafuta, ndipo nsawa zidali pa mndandandawo. Kafukufuku wotchuka wa PREDIMED wa ku Spain, amene otsatsa amakonda kumutchula, adapatsa anthu magalamu 30 patsiku a walnut, almond ndi hazelnut zoti azitafuna. Umboni waukulu uli pa mbewu yathunthu, yokhala ndi zomanga thupi ndi gaga wake, zimene zimatsala kunja mafuta akafinyidwa. Kuwonjezera apo, mafuta a walnut sachedwa kuwonongeka akakumana ndi kutentha ndi kuwala, ndipo salimba pamoto waukulu. Botolo limene layenda ulendo wa panyanja ndi pamsewu n'kukakhala pawindo m'dzuwa la Okutobala la kuno kummawa likhoza kufika pakamwa litasasa kale.

Tsono tiyang'ane nsawa. Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya nsawa ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Mbali yaikulu ya mafutawo ndi oleic acid, yemweyo amene amatchukitsa mafuta a olive, ndipo mulinso vitamini E, niacin ndi folate, amene mayi woyembekezera amamufuna kwambiri. Agogo athu sadadziwe maina amenewa, koma ntchito yake adaigwira molondola. Mayi akasinja nsawa mumtondo, nasefa, nathira nsinjiro mumphika wa nkhwani kapena bonongwe pamene ukuwira, navundula mpaka msuzi utagwirana, amakhala atachita chinthu chimene akatswiri a zakudya amachiphunzitsa m'makalasi. Vitamini A wa m'masamba obiriwira ndi mbatata yofiira mkati salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndiye ndiwo zotendera zimam'tsegulira njira. Umboni wina uli m'zipatala. Pamene dokotala wa ku France André Briend ndi kampani ya Nutriset ankafuna chakudya chopulumutsa ana onyentchera kwambiri mu 1996, adasankha nsawa zopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Ku Malawi, kumene dokotala Mark Manary adaonetsa kuti ana otere akhoza kuchira ali kunyumba kwawo, chakudyachi amangochitcha chiponde. Kuno ku Zambia, kumene kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 adapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, mbewu imene imadzutsa mwana wofooka siyenera kuonedwa ngati chakudya cha osauka.

Wina anena kuti nsawa zilibe omega-3, ndipo akunena zoona, muli wochepa kwambiri. Koma kodi njira yotsekera mpatawo ndi yochokera ku California yokha? Mafuta a soya, mbewu imene yadzaza minda ya Chipata, Katete ndi Lundazi, ali ndi omega-3 wa mtundu womwewo pafupifupi magawo 7 pa 100, osatalikirana kwenikweni ndi a walnut. Chachikulu n'chakuti omega-3 wa m'zomera ayenera kusinthidwa kaye m'thupi kuti asanduke EPA ndi DHA, amene ubongo, maso ndi mtima zimagwiritsa ntchito, ndipo thupi limasintha kagawo kochepa chabe. EPA ndi DHA wokonzeka kale ali m'nsomba. Kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, komanso usipa umene umalowa kudzera pa Mwami, timadya ndi mutu ndi minga yomwe, motero timapezamo omega-3 pamodzi ndi calcium ndi zomanga thupi. Banja limene limadya kapenta kawiri kapena katatu pa sabata, ndiwo zotendera ndi phala lothira nsinjiro, lilibe chifukwa chochitira nsanje munthu wa ku Paris amene akuthira mafuta a walnut pa saladi wake wa masamba aawisi. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Pa nkhani ya khungu ndi tsitsi, otsatsa amalankhula ngati mafuta a walnut ali ndi chinsinsi chimene ena onse alibe. Ntchito yaikulu ya mafuta alionse pakhungu ndi kutsekera chinyezi kuti chisathawe ndi kufewetsa pamene pauma, ndipo makolo athu ankaichita ndi mafuta a nsatsi kalekale. Makwinya a ukalamba safafanizika ndi mafuta a mtundu uliwonse, ndipo dazi la kumtundu silimva kudzola. Pamene pali umboni wolimba ndi pa mpendadzuwa, womwewu umene alimi a ku Petauke ndi Katete amakayengetsa pa makina a m'misika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 wochitikira pachipatala cha ana ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, adapeza kuti makanda obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa ankagwidwa matenda a m'chipatala mochepera ndi 41 peresenti poyerekeza ndi anzawo osadzozedwa. Kafukufuku wina wa ku Sheffield mu 2013 adaonetsa kuti mafuta a mpendadzuwa amasunga khungu bwino pamene a olive, okwera mtengowo, amalifooketsa. Apa mtengo wa botolo sudagwirizane ndi ubwino wake. Chenjezo ndi limodzi, ndipo likhudza nsawa ndi walnut zomwe: khanda limene lili ndi zidzolo kapena khungu losweka lisadzozedwe mafuta a mbewu ziwirizi, chifukwa kafukufuku wa ku Britain wa 2003 adapeza kuti ana odzozedwa zinthu zokhala ndi mafuta a nsawa ankakhala pachiopsezo chachikulu choti thupi lawo lidzadane ndi nsawa.

Tikanalekera pomwepa, nkhani ikanakhala yongoyamikira zakwathu. Koma nsawa zathu zili ndi mdani, ndipo mdaniyo ndi woopsa kuposa mmene ambiri timaganizira. Chuku cha mtundu wa Aspergillus, chimene chimakhala m'nthaka, chikagwira nsawa kapena chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu adadziwika koyamba pambuyo pa imfa ya nkhukundembo zoposa 100,000 ku England mu 1960, zitadya chakudya chopangidwa ndi nsawa zochokera ku Brazil. Mu 2004 adapha anthu 125 ku Kenya amene adadya chimanga chachuku. Kuno kwathu tidamuona mu Ogasiti 2024, pamene nduna ya zaumoyo Elijah Muchima idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya zakudya za chimanga zokhala ndi poizoniyu, m'chaka chimene chilala chidakakamiza Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza kuti dziko lili pangozi. Imfa zadzidzidzi zotere ndi zimene zimamveka pawailesi, koma chiwonongeko chachikulu chimachitika mwakachetechete. Aflatoxin wodyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ngoziyo imachulukirachulukira mwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 adapeza kuti ana opinimbira adali ndi poizoniyu wochuluka m'magazi kuposa anzawo okula bwino. Kuphika sikumupha, kukazinga kumangomuchepetsa, ndipo nthawi zambiri alibe fungo kapena mtundu woti diso limuone.

Njira zimene amalowera timazidziwa tonse, chifukwa timazichita masana dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikadula nsawa zikukhwima, makoko amang'aluka m'nthaka yotentha ndipo chuku chimapeza khomo. Mlimi akachedwa kuzula, kapena khasu likavulaza makoko, khomolo limakula. Nsawa zikayanikidwa padothi n'kunyowa ndi mame, kapena zikalongedwa m'matumba zisanaume, chuku chimaswana mumdima wa m'nyumba. Pofika posenda, ambiri amawaza madzi pa makoko kuti afewe ndi kuti zala zisapweteke, ndipo ena amawazanso pa njere zosenda kale kuti thumba lilemere pasikelo. Chimene chimandiwawa koposa ndi chomaliza. Mayi amatenga lichero, nasankha njere zazikulu zosalala n'kuziika m'thumba la kumsika. Zokwinyika, zosweka, zoboola anankafumbwe ndi zakuda amaziika m'kambale kapadera, ndipo kambale kameneko ndi kamene kamapita mumtondo kukasanduka nsinjiro za phala la mwana. Mayiyo sakuchita nkhanza, akupewa kutaya chakudya chimene adachikhetsera thukuta. Koma njere zimenezo ndi zimene zimanyamula poizoni wambiri. Chimodzimodzi pa makina oyengera: mafuta oyeretsedwa m'fakitale amataya pafupifupi poizoni yense, koma ongofinya n'kusefa pansalu akhoza kumusunga, ndipo zotsalira zake zikapatsidwa ng'ombe, poizoniyo amakatulukira mumkaka.

Apa wotsutsa apeza pogwira. Adzati, ngati nsawa zanu zili choncho, bwanji munthu wa ndalama zake asagule botolo lochokera kunja n'kugona tulo? Yankho loyamba n'lakuti chuku chomwechi chimagwiranso walnut, pistachio ndi almond. Kusiyana kwake n'kwakuti eni mbewuzo amaziumitsa mosamala, amaziyeza ndipo zoipa amazitaya. Chimene munthu akulipira m'botolo lija ndi chisamaliro, ndipo chisamaliro sichifuna nyengo yachisanu ya ku Ulaya kuti chimere. Yankho lachiwiri lili m'mbiri yathu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nsawa za Chalimbana zochokera m'chigawo chino zinkagulitsidwa kumaiko a kunja, zokondedwa chifukwa cha njere zake zazikulu ndi kukoma kwake. Msika umenewo udatha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali malamulo okhwima a aflatoxin. Lero maiko a European Union salola nsawa zodya anthu zopitirira magawo 4 a poizoniyu pa biliyoni. Zimene iwo akana sizitayidwa, zimatsala m'misika yathu ndi m'miphika yathu. Yankho lachitatu n'la chilungamo. Munthu wa malipiro akathawira ku botolo la kunja amapulumutsa khitchini yake yokha, mwinanso osaipulumutsa, poti nsima, chikanda ndi chiponde cha pa buledi akudyabe za konkuno. Ndipo amene ali ndi mawu omveka kwa khansala ndi phungu akachoka pamsika wa nsawa, palibenso wotsala woti afunse mafunso.

Chokhumudwitsa n'chakuti mankhwala a vutoli adapezeka kale, ena mwa iwo pamtunda wochepa kuchokera ku Kapata. Malo ofufuzira zaulimi a Msekera, mogwirizana ndi akatswiri a ICRISAT a ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe, adatulutsa mbewu monga MGV4, imene ku Malawi amaitcha CG7, yobereka bwino ndi yamafuta ambiri. Alangizi amaphunzitsa kuzula pa nthawi yake, kuunjika nsawa mwa njira ya Mandela cock kuti mphepo izidutsa ndi makoko asakhudze dothi lonyowa, kusenda osawaza madzi ndi kusanjika matumba pamitengo osati pansi. Bungwe la IITA lidapanga Aflasafe, mankhwala owaza m'munda okhala ndi chuku chosatulutsa poizoni chimene chimalanda malo a choopsacho. Kampani ya COMACO, imene imapanga chiponde cha It's Wild! konkuno ku Chipata, yaonetsa kuti nsawa za alimi ang'onoang'ono zikhoza kusankhidwa, kuyezedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Nanga n'chifukwa chiyani zonsezi sizinafike pa beseni la mayi wa pamsika? Chifukwa msika sulipira chisamaliro. Venda akafika pamudzi ndi meda yake ndi sikelo yake, mtengo ndi umodzi kaya nsawa ndi zouma kaya zonyowa, kaya zosankha kaya zosakaniza. Mlimi amene wataya njere zoipa amabwerera kunyumba ndi ndalama zochepa kuposa mnzake amene wawaza madzi. Tingalalikire bwanji ukhondo pamene sikelo ikupereka mphotho kwa wachinyengo?

Ndiye pempho langa lipite kwa amene angasinthe mtengowo. Khonsolo ya mzinda wa Chipata, imene imatolera misonkho m'misika tsiku ndi tsiku, iike pa Kapata ndi pa Saturday Market kachipangizo koyezera chinyezi cha mbewu ndi zida zoyezera aflatoxin mwachangu, zimene masiku ano sizifunanso labotale yaikulu. Zotsatira zake zizilembedwa poyera, osati kuti amayi ogulitsa alandidwe katundu, koma kuti amene nsawa zake zapezeka zabwino akhale ndi chizindikiro chomuloleza kukweza mtengo. Ndalama za CDF, zimene zidakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, zimange mashedi oyanikira ndi kugulira magulu a alimi makina osendera ndi oyengera mafuta, kuti nsawa ndi mpendadzuwa zisamachoke m'chigawo chino zili zaziwisi n'kubwerera m'mabotolo pamtengo wokwera. Bungwe la Zambia Bureau of Standards lithandize oyenga ang'onoang'ono kufika pa muyezo m'malo mongowadikirira kuti alakwe. Pa sikelo ya ana, pamene anamwino amauza amayi kuti azithira nsinjiro m'phala, uphunguwo uzitha ndi mawu akuti nsinjirozo zichokere ku njere zabwino koposa zonse za m'nyumbamo. Ndipo mafumu a pansi pa Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni, amene mawu awo amafika kumene galimoto ya mlangizi sifika, aletse kuwaza madzi pa nsawa m'midzi yawo monga amaletsera kutentha tchire.

Pali chotsutsa china chimene sindingachinyalanyaze. Banja la ku Mchini kapena ku Navutika limagula mafuta ophikira a m'kapepala okwanira mphika umodzi, ndipo nkhani ya walnut kapena mafuta a nsawa oyeza bwino ingamveke ngati ya anthu okhuta. Koma banja lomwelo ndi limene likulipira kwambiri. Gawo lalikulu la mafuta otsika mtengo m'dera lino la Africa ndi a kanjedza ochokera ku Malaysia ndi Indonesia, ndipo pafupifupi theka lake ndi mafuta a mtundu umene bungwe la WHO limati usapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu ya chakudya cha tsiku. Pa chiwaya cha tchipisi ndi zitumbuwa, mafuta amabwerezedwa mpaka kuda bii, ndipo ana a sukulu ndi amene amafola pamenepo. Kwa banja lotere njira yotsika mtengo yopezera mafuta abwino ndi nsinjiro, ndiye nsinjirozo zikakhala zachuku, khomo lomaliza latsekeka. Tikumbukirenso kuti mafuta alionse, a walnut, a nsawa kapena a olive, ali ndi mphamvu yofanana, makalori pafupifupi 120 pa supuni yaikulu, motero womwa ngati mankhwala amangodzionjezera kunenepa. Wodwala BP kapena shuga asasiye mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha botolo lililonse, lakunja kapena lakuno.

Wofuna kulawa mafuta a walnut alawe, ndalama ndi zake, ndipo akathira pa ndiwo zozizira adzamva kukoma. Chimene ndikukana ndi maganizo akuti thanzi limachokera kutali, chifukwa maganizo amenewo amatichititsa kuiwala ntchito imene ili m'manja mwathu. Chigawo cha Kummawa ndicho chimalima nsawa zochuluka kuposa chigawo china chilichonse m'Zambia, ndipo n'zochititsa manyazi kuti kholo la kuno silingathe kudziwa ngati nsinjiro zimene lagula zili zotetezeka kwa mwana wake. Wogula ayambe kufunsa kuti nsawa zidayanikidwa bwanji, aziluma njere kuti amve ngati yauma, azikana zonunkha chinyontho, ndipo akapeza zosankhidwa bwino alipire kwacha yowonjezerayo osanyinyirika. Mlimi njere zoipa azikwirira m'dzenje, asazipatse mwana, nkhuku kapena ng'ombe. Khansala ndi phungu aliyense wobwera kudzapempha voti afunsidwe funso limodzi losavuta: kodi nsawa za pamsika wathu ziyamba liti kuyezedwa, ndipo ndalama yake mwaiika m'bajeti ya chaka chiti?